Bambo ndi Nambala ya Alendo

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha bambo anga, a Ndau, kumanda a kwathu kuseri kwa Mlangeni. Chaka chakwana chimwalirireni. Anthu anayankhula mpaka dzuwa kupendeka: kuti anali mkhristu wolimba, kuti Misa sankaiphonya ngakhale kuzizire bwanji, kuti munda wawo wa mbatatesi unali wosiririka. Zoona zonsezo, sindikutsutsa. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe wotchula nkhani imene inali pamtima pa bambo zaka zawo zomaliza, yoti mlamu wanga, mkazi wa malemu achimwene anga a Davide, akhale pakhomo paja ndi ana ake, asachotsedwe. Aliyense ankadziwa kuti nkhaniyo ikambidwa mawa lake, ndipo aliyense ankayang'ana kumbali. Ine zinandinyansa. Ndiye ndati ndilembe ndekha za bambo amene ndinkawadziwa, osati a m'malankhulidwe a pachiliza aja.

Bambo sanali munthu wofewa, tisanamizane. Anali aatali, owonda, jasi lakuda silinkawachoka pathupi nyengo yonse yozizira. Kuseka kwawo kunali kutulutsa mpweya m'mphuno kamodzi, basi kwatha. Pa unyamata wawo ankalumikiza matelefoni ku positi, kuboma, nthawi imene munthu ankapukusa chogwirira n'kuuza wa pa ekisichenji kuti ndipatseni uje. Ankakhala kutsogolo kwa bolodi la mabowo, zomvera zili kumutu, n'kumalowetsa zingwe. Chimene ankanyadira n'chakuti woyimba sankafunika kudziwa nambala. Ankangotchula dzina, iwo n'kudziwa bowo lake. Atabwera makina odzilumikiza okha, bambo anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kudzalima, koma mutu wawo unatsala pa bolodi lija.

Mayina ndiwo anali matenda awo. Ankati nambala ndi ya ng'ombe kudibi ndi ya wodwala pamzere kuchipatala, koma munthu amaitanidwa dzina. Mlendo asanamupatse mpando ankayamba amufunsa chiwongo, dzina la mtundu lija limene ife kuno timathokozerana nalo. Mwana akalandira chinthu n'kungoti zikomo youma, yopanda chiwongo, ankamulanda chinthucho mpaka athokoze bwino. Ine sanandiitanepo Agi monga amachitira anzanga, ndinali Nandau kuyambira ndili kamwana ka mamina. Tsiku lina, nditabwera kudzacheza kuchokera ku Lilongwe kumene ndinakwatiwa, anapeza kuti m'foni mwanga ndinawalemba kuti Mdala. Mayo ine! Sanandiyankhule ulendo wonse umenewo, ndipo pondiperekeza kokwerera basi anangondikwezera chipewa ngati munthu wa kwina.

Mlamu wangayo dzina lake ndi Esitere, wa kwa Phiri, ndiye pakhomo tinkamuti Naphiri. Achimwene anakamutenga kuchigwa cha Bwanje, kwa alimi a mpunga, ndipo bambo sanakondwe kuyambira tsiku loyamba. Ankati munthu wokulira m'madzi ofunda sangapirire chisanu cha kuno. Koma chimene chinawapweteka kwenikweni chinali cha ng'ombe. Anatuma anthu kukanena za lobola, amalume ake a Esitere n'kubweza mawu mwaulemu kuti kwawo satero, mwana wawo angobwera pa chitengwa. Kutanthauza kuti mkazi amakhala kwa mwamuna mwa chilolezo chabe, mwamunayo akadzafa abale atha kumumasula abwerere kwawo. Kwa bambo, mkazi wosamangidwa ndi ng'ombe anali wobwereka. Ndiye popeza mwambo umati munthu ndi mpongozi wake sayandikana, sadyera pamodzi, satchulana dzina, iwo anabisala m'mwambomo bwinobwino. Esitere akakumana nawo panjira ankapatuka n'kugwada patali, iwo n'kuvula chipewa akuyang'ana mitengo. Wa kunja sakanaloza kuti ulemu wathera apa, kuipidwa kwayambira apa. Ine ndinkadziwa, chifukwa ndine mwana wawo.

Achimwene anaphunzira za makompyuta mutauni, koma anabwerera kumudzi n'kutsegula kashopu m'chipinda choyang'ana kumsewu, kotayipa ndi kusindikiza mapepala. Mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati, nyimbo za kwaya, mayeso a ana asukulu, zonse zinkatuluka m'menemo. Wotayipa anali Esitere, zala zake zinali zachangu kuposa za mwamuna wake. Anaika sola padenga, batire pansi pa tebulo, ndi kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kamene amati rauta, kolumikiza kompyuta, pulinta ndi mafoni onse a pakhomo. Kabokosiko anakaika pashelefu m'chipinda chochezera cha bambo, chifukwa pa windo lawo pokha ndi pamene netiweki inkagwira bwino. Bambo analola monyinyirika, akuti nyumba yawo si sitolo.

Vuto linali loti pulinta inkasowa. Ili pomwepo patebulo, yoyaka, koma kompyuta n'kumati sikuiona. Zinkachitika makamaka kukachita chifunga, batire likatha n'kudzayakanso dzuwa litatuluka. Ndinalipo tsiku limene bambo anatopa ndi kuona achimwene akulowa n'kutuluka m'chipinda mwawo, ndipo anawafunsa chimene chikuwazunguza.

"Kabokosika kamagawa manambala, bambo," anatero achimwene. "Chilichonse cholowa pa netiweki, kaya foni kaya pulinta, chimapatsidwa nambala, koma mongobwereka. Kakazima n'kuyakanso, woyamba kufika ndiye amatenga nambala yoyamba."

"Ndiye nambala imene dzulo inali ya pulinta, lero ili ndi foni ya wogula mbatatesi?"

"Eya. Kompyuta ikuitanabe nambala ya dzulo."

"Nanga wodziwa mayina ndani m'menemu?"

"Palibe, bambo."

Bambo anavula magalasi. "Ekisichenji yopanda wodziwa mayina! Iwe Davide, sukulu yonse ija. Zamanyazi."

Achimwene anaseka n'kuwaonetsa kuti kabokosiko kamaphunzitsika. Chipangizo chilichonse chili ndi chizindikiro chake chochokera nacho kufakitale, zilembo zosakanikirana ndi manambala. Umakauza kabokosiko kuti chizindikiro ichi chikafika uzichipatsa nambala iyi nthawi zonse, ndipo nambala iyi dzina lake ndi ili. Ukatero, makina aliwonse a pakhomo akatchula dzina, kabokosi kamayankha nambala yake, ndipo zinthu zimapezana. Ndinaona nkhope ya bambo ikusintha. Anakoka mpando, n'kupempha kalaputopu kakale ka achimwene kosweka pakona, ndipo kuyambira tsiku limenelo ntchito ya mayina inakhala yawo. Achimwene amene sankaloledwanso kuigwira.

Ankatayipa ndi chala chimodzi, lilime lili pakati pa mano. Manambala anawagawa pawiri. A m'munsi anali a eni khomo, aliyense yake yosasintha ndi dzina lake. A m'mwamba anali a alendo, obwereketsa kwa maola ochepa, mlendo akachoka kabokosi n'kutenga nambalayo kupatsa wina. Achimwene atawauza kuti mayina onse afunika mathero ofanana, bambo anaganiza tsiku lonse ali kumunda, n'kubwera ndi liwu loti pakhomo. Ndiye panali pulinta.pakhomo, davide.pakhomo, ine nandau.pakhomo, ndi amayi athu naphiri.pakhomo, popeza nawonso anali a kwa Phiri. Ankawerenga mokweza, kadontho kapakatiko n'kukatchulanso.

Zolakwitsa zinalipo, ngakhale sankavomera. Tsiku lina anapatsa pulinta nambala ya m'chigawo cha alendo, n'kuwombana ndi foni ya munthu wodzasindikiza pulogalamu ya maliro, anamfedwa akudikira pakhonde. Bambo anati ndi chifunga. Ulendo wina mayina a pakhomo ankayankha bwino koma intaneti yonse inafa, chifukwa anaiwala kuuza kabokosi kumene kazikafunsa mayina akunja amene sikakuwadziwa. Atamvetsa, anati nanga si zomwe ankachita iwo, dzina la ku Blantyre ankafunsa ekisichenji yaikulu, bwanji Davide sananene chonchi poyamba. Ndipo anakangana ndi kabokosiko sabata yathunthu pa nkhani ya bambo aang'ono, mng'ono wawo a Sitefano amene amakhala kumtunda kwathu. Kabokosi kankakana kankhodolero ka mu liwu loti aang'ono. Pomaliza analemba aangono, koma anati wopanga makinawa sanaleredwe bwino.

Foni imodzi yokha ya pakhomo sinalembedwe, ya Esitere. Bambo anati anayesa, kabokosi n'kukana. Ndi zoona, sikalola mayina awiri ofanana, ndipo naphiri anali atatenga kale amayi. Achimwene anati ndiye lembani Esitere. Bambo anadzidzimuka ngati aponda moto. Dzina laubatizo la mpongozi? Anati chala chotayipa ndi pakamwa pomwe, chimene pakamwa sipanena chala sichilemba. Achimwene anati chabwino, lembani make Tadala, Tadalayo ndi mwana wawo woyamba. Apa bambo anangotseka laputopu n'kunena kuti adzaona. Akanatha kulemba make Tadala tsiku lomwelo, panalibe mwambo wowaletsa. Sanafune basi.

Ndiye Esitere anakhala pa nambala ya alendo zaka ndi zaka. Anthu ankamutumizira zoti asindikize pa foni yake, ndipo kuti kompyuta ya m'shopu izikoke, m'mawa uliwonse ankayamba wafufuza kuti lero wapatsidwa nambala yanji, n'kuilemba ndi manja. Kanthu kakang'ono, mungatero. Koma munthu wophikira khomo lonse, wochapa jasi lakuda lija, wobereka zidzukulu ziwiri, kumadzuka tsiku lililonse n'kufunsa makina kuti lero ndine ndani? Amayi atamwalira, foni yawo inaikidwa m'dirowa, ine n'kuuza bambo kuti dzina la naphiri lamasuka tsopano, lipatseni mlamu. Anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Anati mayi ako sanasamuke, agona. Tinakangana mpaka ndinalira ndi mkwiyo. Potuluka ndinapeza Esitere akusenda mbatatesi kuseri, atamva zonse.

"Alamu, zisiyeni," anatero osakweza mutu. "Nambala ndimaipeza."

Achimwene anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto pamsewu waukulu, tsiku la msika. Sindilemba zambiri za tsiku limenelo, sindingathe. Foni yawo inaphwanyikira pomwepo. Bambo sanalire pamaso pa anthu. Anaima pamanda chilili, chipewa chili pachifuwa, amuna akuvina ngoma yotsanzika, ndipo atabwerera kunyumba anakhala pampando wawo pansi pa shelefu ija mpaka anthu onse anabalalika.

Bambo anali ndi chizolowezi chimene tinkachiseka. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ankatsegula laputopu kuona amene alipo pa netiweki, ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi. Maliro atapita sanasiye. Dzina la Davide silinkayankha, la amayi silinkayankha, langa linkayankha pa Khirisimasi pokha. Koma m'chigawo cha alendo munali chizindikiro chimodzi chopanda dzina chimene chinkapezeka tsiku lililonse, nambala yosinthasintha, chizindikiro chomwecho. Anadzandiuza okha kuti anafika pochiloweza pamtima osafuna. Shopu inkatsegulidwa, pulinta inkalira, ana ankapita kusukulu atasamba, phala lawo linkabwera ndi Tadala pa nthawi yake.

Kenako mayi ake a Esitere anadwala kuchigwa, iye n'kupita kukawasamalira milungu ingapo. Tsiku lina masana foni yanga inalira ku Lilongwe. Anali bambo, amene sankayimba foni popanda maliro.

"Nandau, kabokosi kamuiwala."

"Kaiwala ndani, bambo?"

"Mayi a m'nyumba ya Davide. Nambala yawo kapatsa munthu wa lole wodzagula kabichi. Ndafufuza ponseponse, palibe ndi pamene pakuonetsa kuti anakhalapo."

Ndinati nanga si mmene munakonzera, mlendo akachoka nambala imabwezedwa.

"Mayi ako alimo," anatero. "Davide alimo. Akufa onse alimo. Wamoyo ndiye mulibe."

Anadula foni osatsanzika. Aka kanali koyamba kumva mantha m'mawu a bambo anga.

Esitere anabwerako, ndipo pasanapite nthawi inakwana nyengo yomusudzula, mwambo womasula mkazi wamasiye. Amalume ake anakwera kuchokera kuchigwa. Tinakhala pabwalo la bambo dzuwa likuwomba koma mphepo ikuluma, amuna pamipando, ife amayi pamphasa. Amene anatsogolera nkhani anali bambo aang'ono a Sitefano. Anayankhula mokoma, amatha kuyankhula munthu uja. Anati Naphiri watisunga bwino, tilibe naye chifukwa, koma anabwera pa chitengwa, ng'ombe sizinapite, ndiye mwambo wa kwawo womwewo ukuti abwerere akayambe moyo wina. Za munda wa mbatatesi wa achimwene, umene unagundana ndi wawo, sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira, tonse tinkauona uli apo potsetsereka.

Amalume a Esitere anati iwo sakana, mwana wawo amutenga. Esitere anali atazolika, chitenje chakuda kumutu. Anthu anatembenukira kwa bambo kuti atseke nkhani, ndipo aliyense ankadziwa mbali imene agwere, popeza kuipidwa kwawo ndi ukwati umenewu sikunali kobisika.

Bambo anandiuza kuti ndikatenge laputopu m'nyumba. Ndinaganiza kuti ukalamba wawapeza. Nditabweretsa anaiika pamaondo, n'kuvala magalasi, kenako anadzuka, kuyenda kudutsa bwalo lonse mpaka pamphasa ya amayi, n'kuima pafupi ndi mpongozi wawo, pafupi kuposa mmene anaimirapo chikwatiwire iye.

"Mayi, ndipatseni foni yanu."

Esitere anaitulutsa n'kufuna kuiika pansi kuti wina atole, monga mwa ulemu. Bambo anatambasula dzanja n'kuilandira kuchokera m'manja mwake. Ndinamva amayi ena kumbuyo kwanga akuti aa! Anabwerera pampando, n'kufananiza chizindikiro cha m'foniyo ndi chimene chinali m'kabokosi, pang'onopang'ono. Kenako anakweza mutu.

"Dzina lanu ndani, mayi? La ubatizo."

Ankalidziwa, asakunamizeni munthu. Analimva pa ukwati, analimva achimwene akuitana tsiku ndi tsiku. Esitere anayang'ana amalume ake, n'kunong'ona.

"Kwezani mawu, makutu anga akalamba."

"Esitere, bambo."

"Esitere," anabwereza bambo, mokweza, momveka mpaka kukhola. Analitayipa ndi chala chawo chimodzi chija akutchula chilembo chilichonse, kadontho, pakhomo. Anamupatsa nambala ya m'munsi, yotsatana ndi ya achimwene. Anazimitsa foni n'kuiyatsanso kuti ilandire nambala yatsopanoyo, n'kundipatsa laputopu. "Nandau, itana."

Ndinalemba esitere.pakhomo. Yankho linabwera nthawi yomweyo, mzere pa mzere. Ndinati yayankha, bambo.

Bambo aang'ono anaseka mowawa. "Achimwene, mudzi sauyendetsa ndi rauta."

"Ndikudziwa, Sitefano," anatero bambo. "Izi ndalembera kabokosi, kuti kasadzamuiwalenso. Inu ndakuuzani ndi pakamwa. Mpongozi satchulidwa dzina, nonse mukudziwa. Ine ndamutchula pamaso panu. Ndiye uyu si mpongozi wanganso, ndi mwana wanga, ndipo mwana wa munthu sasudzulidwa pakhomo pa bambo wake."

Bambo aang'ono anatola chipewa chawo n'kukwera kumtunda osadikira chakudya. Amalume a Esitere anawomba m'manja katatu n'kuthokoza ndi chiwongo chathu, ngakhale si mwambo wa kwawo. Esitere analira kwambiri, kulira kumene sanalire ngakhale pamanda. Ine ndinakondwa ndipo ndinakwiya nthawi imodzi, chifukwa zimenezi akanazichita achimwene ali moyo, akanaziona ndi maso awo.

Kuyambira pamenepo bambo analikonda dzinalo mopitirira muyeso. Ankaima pakhonde n'kukuwa kuti Esitere! pa chilichonse, mchere, lumo, nkhuku yalowa m'dimba, mpaka ana a m'mudzi anayamba kuwatsanzira. Kufewa sanafewe. Ankamudzudzula kuti mpunga wa kwawo sukhalitsa m'mimba, iye n'kuyankha kuti nanga mbale yabwerera yopanda kanthu bwanji. Koma iye dzina lawo sanalitchulepo mpaka kufa kwawo, anali bambo basi. Madzulo dzuwa lisanalowe ankamukhazika pampando wa amayi n'kumuphunzitsa za kabokosi, kulemba chizindikiro, kumanga nambala, kupereka dzina. Ine amene ndine mwana wawo wobereka sanandiphunzitsepo. Ankati ndilibe chipiriro, ndipo sananame.

Ndinawapempha kangapo kuti nkhani ya nyumba ndi munda aikhazikitse kwa akuluakulu oyenera, isathere pabwalo paja. Ankakwiya. Ankati mawu onenedwa masana pamaso pa anthu safuna chidindo, ndipo mng'ono wawo ndi munthu wobatizidwa. Apa ndi pamene bambo anga analakwitsa kwambiri. Ankakhulupirira kuti munthu akamva dzina amayankha choonadi monga kabokosi kawo.

Anadwala chibayo nyengo yozizira ya chaka chatha. Kuchipatala amene ankawatembenuza ndi kuwamwetsa phala anali Esitere, ndipo odwala anzawo ankaganiza kuti ndi mwana wawo woyamba. Anamwalira masana, ine ndikutsika basi pa geti. Sindinawapeze. Bambo aang'ono pamaliro anati nkhani zonse za pakhomo zidikire chiliza, ndipo tonse tinamva chimene ankatanthauza.

Ndiye Lamulungu, titachoka ku Misa, tinakhalanso pabwalo lomwe lija. Mpando wa bambo sanautulutse. Bambo aang'ono anati malemu achimwene awo anali munthu wachifundo, ndipo chimene anachita tsiku lija chinali chifundo cha nkhalamba yoferedwa, osati lamulo. Woyankhula mawu aja wapita. Malo ndi a kwa Ndau. Ana akadzakula adzabwera kudzaona kwawo, palibe adzawaletse. Ndinaimirira, ine mkazi, pamaso pa amuna onsewo. Ndinati munalipo, munamva ndi makutu anu, bambo anati ndi mwana wawo! Ndinatchula mmodzimmodzi amene analipo tsiku lija. Ena anayang'ana nsapato zawo. Bambo aang'ono anati, "Nandau, iwe uli ndi pakhomo pako ku Lilongwe. Khala pansi." Ndinayankhula zina zimene sindingalembe pano.

Amene anandikhazika pansi anali Esitere. Anandigwira chitenje n'kukoka pang'ono, kenako anagwada n'kuyankhula yekha.

"Bambo aang'ono, ndamva. Sindikufuna kuti mukhale mukukangana chifukwa cha ine, ana anga azikula akulozedwa zala. Amene anandiitana dzina pakhomo pano agona uko. Ndipita kwathu."

Ndinamukalipira titalowa m'nyumba. Ndinati tikadandaule, malamulo alipo, mkazi wamasiye salandidwa nyumba masiku ano. Anati akudziwa, ndipo mwina tsiku lina adzatero chifukwa cha ana. Koma kudzuka m'mawa uliwonse n'kupereka moni kwa anthu amene akuwerenga masiku ako, iye watopa nako. "Alamu, ndinakhalapo kale pa nambala ya alendo," anatero. "Sindibwererapo."

Lolemba anakweza katundu pa lole yopita kuchigwa, kompyuta ndi pulinta atazikulunga m'mabulangete, ana awiri atakhala pamatumba. Ndinamuuza kuti atenge ndi kabokosi komwe, n'kake, anagula ndi mwamuna wake. Anakana. Anati kumeneko akapeza kena, aka n'ka m'chipinda cha bambo. Tinakumbatirana pamsewu, lole ikuliza hutala, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale povundukula chiliza.

Ndinabwerera ndekha m'chipinda chochezera. Mpando wa bambo uli pomwe unali, pansi pa shelefu, khushoni lake lobowoka pakati. Jasi lakuda lili pa msomali kuseri kwa chitseko, lochapidwa, lopindidwa kolala bwinobwino, ntchito yomaliza ya mlamu wanga. Chingwe chimene chinkapita kushopu chikulendewera pa windo, kumapeto kwake kulibe kanthu. Pakhonde palibe wokuwa dzina la munthu. Sola ikadali padenga, ndiye kabokosi kakuyakabe, timagetsi take tobiriwira tikuphethira m'chipinda chopanda anthu.

Ndinatsegula kalaputopu kosweka pakona kaja. M'chigawo cha alendo munali foni imodzi yokha, yopanda dzina, ndipo ndinatenga kanthawi kuti ndizindikire kuti ndi yanga. Ndinagula yatsopano bambo atamwalira, panalibe woilemba. M'chigawo cha eni khomo mayina onse ali m'malo mwake. Ndinalemba esitere.pakhomo. Kabokosi kanalidziwa dzinalo nthawi yomweyo, n'kutulutsa nambala yake, ija yotsatana ndi ya achimwene. Kenako kanaitana, n'kudikira, n'kuitananso. Yankho silinabwere.

Nambala imeneyo sidzaperekedwa kwa mlendo aliyense, ngakhale adzalowe m'nyumbamo ndani. Bambo anaimanga okha ndi chala chawo chimodzi, ndipo munthu yekhayo amene anamuphunzitsa kumasula anali pa lole, akutsika kuchigwa.